Kumene anthu osaona angapeze thandizo mu Lusaka

Pafupifupi mu mpingo uliwonse wa mu Chunga, Matero ndi Lilanda muli munthu amene maso ake anafa kapena akufa pang'onopang'ono. Ambiri ndi okalamba, ndipo cizindikiro coyamba cimene timaona ndi cakuti aleka kubwera ku mapemphero. Thandizo la anthu otere lilipo mu Lusaka, koma silipezeka pa khomo limodzi. Cipatala cili kwina, ofesi yolembetsa ili kwina, nyumba ya mabuku ili ku Chilenje, ndipo sukulu zambiri zili kunja kwa mzinda. Banja losadziwa poyambira limatha ndalama za basi kenaka n'kugwa ulesi. Pano tasonkhanitsa makomo amenewa, ndipo tawaika mu ndondomeko imene tiona kuti ndi yoyenera kuwagogoda.

Yambani ndi cipatala

Musanafune ndodo yoyera kapena khadi la olemala, dokotala wa maso ayambe waona munthuyo. Tikunena izi poyamba cifukwa khungu lambiri limacizika. Bungwe la World Health Organization limati pa dziko lonse anthu osacepera 2.2 biliyoni ali ndi vuto la kuona, ndipo mwa iwo osacepera 1 biliyoni ali ndi vuto limene likanapewedwa kapena limene silinathandizidwebe.

Matenda amene acititsa khungu anthu ambiri koposa ndi ng'ala. Kagalasi ka m'kati mwa diso kamacita mtambo, ndipo munthu amaona ngati ali mu utsi kufikira atasiyiratu kuona. Opaleshoni yake nthawi zambiri sifika ola limodzi. Amapha ululu pa diso pokha, munthu ali maso, n'kucotsa kagalasi kofa kaja ndi kuikapo kena kopanga. Ambiri amayamba kuona tsiku lotsatira akacotsa bandeji. Pali agogo amene akhala m'nyumba zaka zitatu kapena zinai cifukwa ca mphekesera yakuti madokotala amatulutsa diso lonse n'kulibwezeranso. Zimenezo si zoona, diso silicoka pamalo pake.

Glaucoma ndi ina, ndipo ndi yoopsa cifukwa kawirikawiri sipweteka. Imaononga mtsempha wa diso kuyambira m'mbali, kotero munthu amayamba kugunda zitseko ndi mipando koma kutsogolo akuona bwinobwino. Cimene caonongeka sicibwerera. Mankhwala odonthezera m'maso kapena opaleshoni zimangoteteza cimene catsala. Matendawa amagwira kwambiri anthu a mu Africa, amayamba msanga, ndipo amayenda m'banja. Ngati kholo lanu linali nawo, kapena mwapitirira zaka 40, kapimitseni maso ngakhale simumva kanthu. Odwala matenda a shuga nawonso ayenera kupimitsa maso caka ndi caka.

Kwa ife a ku Chunga njira imayambira pa kiliniki yapafupi kapena pa cipatala ca Matero Level One, kumene amapereka kalata yotumiza wodwala ku Eye Hospital ya ku UTH. Ku Makeni kuli Lusaka Eye Hospital, ya mpingo wa Seventh-day Adventist, imene inatsegulidwa mu 2001. Kumeneko kumakhala kulipira, conco funsani mtengo musananyamuke. Amene ali ndi abale kum'mawa adziwe kuti pa Mwami Adventist Hospital, pafupi ndi Chipata, palinso cigawo ca maso. Nthawi zina mabungwe monga Sightsavers ndi Orbis amagwirizana ndi unduna wa za umoyo kupima maso m'makomboni ndi m'masukulu. Cilengezo cotere cikafika, ndi bwino kuciwerenga mu chalichi monga tiwerengera zilengezo zina.

Za ana tinene mwacidule koma mwamphamvu. Mukaona kanthu koyera pakati pa diso la mwana, kapena khanda likutuluka mafinya m'maso, pitani ku cipatala tsiku lomwelo. Musadonthezemo mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, mkodzo kapena madzi a masamba. Zinthu zimenezi zapha maso ambiri amene akanacira. Katemera wa cikuku ndi vitamini A amene ana amalandira pa sabata ya umoyo wa ana zimatetezanso maso.

Kulembetsa ku ZAPD

Dokotala akanena kuti maso sadzabwerera, khomo lotsatira ndi Zambia Agency for Persons with Disabilities, imene ambiri amangoicha ZAPD. Bungweli limagwira nchito pansi pa lamulo la anthu olemala la mu 2012, limene linalowa m'malo mwa la mu 1996. Dziko lathu linavomerezanso pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala mu 2010. Lamulo la 2012 limaletsa kusala munthu pa sukulu, pa nchito kapena pa cipatala cifukwa ca kulemala.

ZAPD imalemba anthu olemala m'kaundula ndi kuwapatsa khadi. Pamafunika fomu yodzazidwa ndi dokotala, reji ya munthuyo, kapena kalata ya kubadwa ngati ndi mwana. Ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu ingakuuzeni kumene mungatenge fomuyo. Khadi palokha si ndalama, ndipo tikunena izi poyera kuti wina asakhumudwe. Koma ndi umboni umene maofesi ena amafuna. Mu ndondomeko ya Social Cash Transfer, banja losauka limene lili ndi munthu wolemala kwambiri limalandira ndalama zoculuka kuposa zimene mabanja ena amalandira. Wogwira nchito wolembetsedwa amacepetseredwako msonkho ku ZRA. Ndalama za CDF nazo zili ndi gawo lolipirira ana ku sukulu zogonera konko ndi acinyamata ku maphunziro a luso, ndipo mafomu ake amadzera ku komiti ya citukuko ya mu wadi. Mwana wosaona ali ndi ufulu wopempha nawo monga wina aliyense.

Sukulu

Maphunziro a ana osaona m'dziko lino anayambira mu mpingo. Mu 1905 amai Issie Hofmeyr, mkazi wa mmishonale wa Dutch Reformed Church, anayamba kuphunzitsa osaona pa Magwero pafupi ndi Chipata, patangopita zaka zisanu ndi cimodzi mishoniyo itakhazikitsidwa mu 1899. Iwo atamwalira mu 1910, a Ella Botes anapitiriza nchitoyo. Sukulu ya Magwero ilipo kufikira lero, ndipo pambali pake pali ya ana osamva. Ku Sefula pafupi ndi Mongu kuli sukulu ina ya osaona ya United Church of Zambia. Zina ndi Lions ku Ndola, St Mary's ku Kawambwa, ya ku Mporokoso ndi St Mulumba ku Choma. Muno mu Lusaka sukulu ya sekondale ya Munali ili ndi cigawo ca ophunzira osaona ndi osamva, ndipo aphunzitsi a ana otere amaphunzira pa Zambia Institute of Special Education ku Kamwala, imene inayamba mu 1971.

Makolo ambiri amazengereza kutumiza mwana kutali, ndipo tiwamvetsa. Koma mwana wosaona amene wafika zaka 10 asanakhudze zilembo za Braille wataya zaka zimene zala zimaphunzira msanga. Kumusunga m'nyumba poopa kuti angagwe m'ngalande kumaoneka ngati cikondi, koma kumamusandutsa munthu wodikira ena moyo wake wonse. Ofesi ya maphunziro ya boma la Lusaka ndiyo ingalangize sukulu yoyenera mwana wanu. Ana acialubino ambiri saona patali. Iwo angaphunzire pa sukulu wamba ngati akhala kutsogolo m'kalasi, apatsidwa zolembedwa zazikulu ndi magalasi oyenera.

Amene akayika za kumene mwana wosaona angafike akumbukire a Lazarus Tembo, woimba wosaona wa kum'mawa amene anakhala nduna yaing'ono m'boma la a Kenneth Kaunda.

Laibulale ya ku Chilenje

Malo amene tiona kuti sadziwika mokwanira ndi Zambia Library, Cultural and Skills Centre for the Visually Impaired, ku Chilenje. Anakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1990 mothandizidwa ndi bungwe la osaona la ku Finland. Kumeneko kuli mabuku a Braille ndi ojambulidwa mau, amasandutsa zolembedwa wamba kukhala za Braille, ndipo amaphunzitsa kuwerenga ndi zala ndi kugwiritsa nchito kompyuta. Kwa munthu amene wacita khungu ali wamkulu, monga mphunzitsi, kalaliki kapena wamalonda, phindu lalikulu mwina si mabuku okha. Ndi kukumana ndi anthu ena osaona amene amakwera basi okha, amaphika ndipo amasunga mabanja ao. Mau a munthu wotere amamveka kuposa a ife openya. Kucokera ku Chunga ndi basi ziwiri, kutsika m'tauni ndi kukwera ina, conco pa ulendo woyamba pafunika womuperekeza. Palinso Zambia National Federation of the Blind, bungwe la osaona eni ake limene limawalankhulira ku boma.

Braille si cinenero ai, ndi kalembedwe. Anakonza ndi Louis Braille wa ku France, amene anabadwa mu 1809, anacita khungu ali mwana, ndipo anali ndi zaka 15 pamene anapanga njirayi. Cilembo ciliconse cimapangidwa ndi timadontho totukuka m'kabokosi ka malo 6, ndipo malowo amapereka mitundu 63 yosiyana. Cinyanja cimalembeka mu Braille monga Cingerezi. Amalemba ndi kacitsulo kobowolera pepala, kapena ndi makina ochedwa Perkins. Vuto lake ndi kukula kwa mabuku: Baibulo lathunthu mu Braille limakhala mabuku pafupifupi 40, odzaza shelefu yonse. Bungwe la Torch Trust, limene lili ndi malo ku Blantyre m'dziko la Malawi, lakhala likusindikiza mabuku acikhristu a Braille mu Cicewa. Kwa okalamba amene zala zao zinauma ndi khasu, Baibulo lomvetsera pa foni kapena pa kawailesi ndilo lothandiza, ndipo la m'cinenero cathu lilipo. Mungafunse ku Bible Society of Zambia.

Foni imene muli nayo kale ingakhale cida. Mafoni a Android ali ndi TalkBack, a iPhone ali ndi VoiceOver, ndipo zonse ziwiri zimawerenga mokweza zimene zili pa galasi la foni popanda kulipira kanthu. Pa kompyuta pali NVDA, pulogalamu yaulere imene anapanga anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh. Mau ake amachula Cinyanja mokhotakhota, koma khutu limazolowera. Wacinyamata mmodzi wa mu mpingo angaphunzire zimenezi pa Ciweru cimodzi n'kuphunzitsa ena. Cinthu cimodzi cofunika kusamala ndi nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni. Munthu wosaona amene amapatsa ena foni kuti amutumizire ndalama amabedwa mosavuta, ndipo kudzicitira yekha ndiye citetezo cake.

Ndodo ndi kuyenda

Ndodo yoyera si yotsamira. Munthu amaigwedeza kumanzere ndi kumanja patsogolo pake kuti imuuze za dzenje, mwala kapena sitepe asanafikepo, ndipo imauza oyendetsa motoka kuti acepetse liwiro. Kuigwiritsa nchito kumaphunziridwa, ndipo utali wake uyenera kulingana ndi msinkhu wa mwini wake. M'misewu yathu ya ngalande zosavundikira ndi matope a dzinja, luso limeneli ndi lofunika kuposa ku Kabulonga kapena ku Woodlands. Tsiku la ndodo yoyera ndi 15 October, la Braille ndi 4 January, ndipo la anthu olemala onse ndi 3 December. Pa masankho, Electoral Commission of Zambia imakhala ndi cikuto ca Braille coikamo pepala lovotera, ndipo wosaona angabwerenso ndi munthu womusankha yekha kuti amuthandize.

Pomuperekeza munthu wosaona, yambani mwafunsa ngati afuna thandizo. Musamukoke dzanja, musamukankhe kumbuyo, ndipo musagwire ndodo yake. Iye ndiye agwire mkono wanu pamwamba pa cigongono, inu muli patsogolo pang'ono. Muuzeni ngati sitepe ikukwera kapena ikutsika. Pofika pa benchi ikani dzanja lake pamenepo, adzakhala yekha. Mukamupatsa moni chulani dzina lanu, ndipo lekani masewera aja ofunsa kuti ndine yani. Lankhulani naye mwini wake, osati mwana amene wamutsogolera, ndipo palibe cifukwa cokwezera mau popeza makutu ake ali bwino. Pocoka muuzeni kuti mwacoka, angatsale akulankhula ndi mpando.

Mwana womutsogolera uja tisamuiwale. M'tauni timaona ana a msinkhu wa sukulu akutsogolera kholo kapena agogo tsiku lonse pakati pa motoka. Pamenepo anthu awiri atsekeredwa. Komiti ya mpingo kapena cigwirizano ca amai cikagawana masiku operekeza munthuyo ku cipatala, ku ZAPD ndi ku Chilenje, mwanayo angabwerere m'kalasi. Mu chalichi momwe, wotsogolera nyimbo achule nambala ndi mau oyamba mokweza m'malo mongoloza pa bolodi, zilengezo zopacikidwa pa khoma ziwerengedwenso, ndipo mabenchi asasunthidwe popanda kuuza amene analoweza njira yao ya ku mpando. Mlembi wa mpingo asunge maina a osaona ndi osaona bwino amene avomera kulembedwa, pamodzi ndi tsiku limene aliyense anaonedwa komaliza ndi dokotala wa maso.