Linunda la kamera ya amalume

Kamera inalowa m'chigwa cha Shire pamadzi. Mu 1859, David Livingstone akukwera mtsinjewu pa sitima ya Ma Robert kukafika kwa Chibisa, kufupi ndi boma la Chikwawa la lero, anali ndi John Kirk, dokotala amenenso ankajambula. Kamera za nthawiyo zinali mabokosi oimika pa miyendo itatu, ndipo zinkachedwa kugwira chithunzi. N'chifukwa chake zithunzi zambiri za Kirk ndi za mitengo, nyumba ndi maboti, zinthu zosagwedezeka.

Kamera ya amalume anga inali Zenit-E, yopangidwa ku Krasnogorsk m'dziko la Soviet Union. Anaigula kwa bambo wina wothawa nkhondo ya ku Mozambique, nthawi imene anthu a ku Mutarara anadzadza m'boma la Nsanje kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Inkalemera pafupifupi kilogalamu, moti lamba wake anawasiyira mzere wakuda pakhosi. Ankapalasa njinga kuchokera ku Bangula mpaka ku Ngabu kukajambula anthu, ndipo antchito a m'minda ya nzimbe akalandira, ankagonera ku Nchalo. Filimu ya zithunzi 36 ikadzadza, basi, ulendo wokwera mapiri kukatsukitsa ku Blantyre dzuwa la kwathu lisanaiwononge.

Anthu ankati kukula kwa kamerayo n'kunyada kwa azungu. Ayi ndithu. Tsiku lina amalume anamasula lenzi n'kundiuza kuti, "Suzumira, mphwanga." M'katimo munali kakalilole kopendekeka. Kuwala kukalowa, kakaliloleko kamakuponyera m'mwamba, m'galasi lochindikala lokhala m'linunda lija la pamwamba, kenako kumafika m'diso la wojambula. Chimene ukuona n'chimene filimu idzaone. Ukadina batani, kalilole amadumphira m'mwamba, thwa! n'kubwerera.

Tsono kuti adumphe amafuna malo. Pa Zenit, poikira lenzi pamatalikirana ndi filimu mamilimita 45.5; pa Nikon F ya 1959 ndi 46.5, pomwe pa Leica M, yopanda kalilole, ndi 27.8 okha. Lenzi yoona malo aakulu imayenera kuyandikira filimu, koma apa ingagundane ndi kalilole. Pierre Angénieux wa ku France anapeza njira mu 1950: kuika galasi lalikulu kutsogolo, kuti lenzi igwire ntchito ili patali. Galasi likachuluka, kulemera nakonso kumachuluka.

Lenzi yotere amalume sanaikwanitse. Anali ndi Helios ya mamilimita 58 yokha, choncho paukwati ankabwerera chafutambuyo mpaka kuponda m'munda wa eni, akukuwa kuti ankhoswe afinyikane.

Koma kulemerako kunkawadyetsa. Kunabwera anyamata ndi timakamera ta pulasitiki tolowa m'thumba, amayi a pamsika wa Ngabu n'kumakana kulipiriratu. Ndalama ankapereka kwa mwini kamera ya linunda, ngakhale zithunzi zinkabwera patatha milungu itatu, zina mutu utadulidwa.