Mbiri ya Cheza Chobisika cha Makina a Laser Odulira Zitsulo

Pamene Wilhelm Röntgen anatulukira cheza cha X-ray ku Würzburg mu Novembala 1895, anthu anachithamangira asanadziwe kuti chimawononga minofu ya thupi, ndipo amene anavutika ndi ogwira ntchito ngati Clarence Dally, wothandizira Thomas Edison, yemwe anadulidwa mikono yonse iwiri n'kumwalira ndi khansa mu 1904. Komiti ya mayiko yoona za chitetezo ku cheza inakhazikitsidwa ku Stockholm mu 1928, ndipo malamulo amene anatsatira ankayang'ana makina opangidwira dala kutulutsa X-ray ndi zinthu zotulutsa cheza mwachibadwa monga radium. Laser yoyamba, imene Theodore Maiman anaiyatsa mu 1960, inaikidwa m'gulu lina, chifukwa chimene chinkaopedwa pa iyo ndi kuchititsa khungu m'maso ndi kuwotcha thupi.

Malire a magulu awiriwa anayamba kufufutika mu 1985 pa yunivesite ya Rochester ku America. Akatswiri ankatha kale kupanga laser yong'anima kwa kanthawi kochepa zedi, koma akafuna kuwonjezera mphamvu ya kung'animako, kuwala kunkaswa galasi kapena mwala wowonjezerera mphamvuwo. Donna Strickland, amene panthawiyo anali wophunzira, ndi mphunzitsi wake Gérard Mourou anayamba ndi kutalikitsa kung'anima kuti ukali wake uchepe, kenaka n'kukuwonjezera mphamvu popanda choswedwa, pomaliza n'kukufupikitsanso, njira imene pambuyo pake inathandiza kuti mphamvu yonse iziunjikana m'kanthawi koyezedwa ndi femtosecond, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000,000,000 a sekondi. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2018, patapita zaka 33, ndipo Strickland, yemwe anagwira ntchitoyi ndi manja ake, ankayenera kudziwika kale kwambiri. Ubwino wa njirayi kwa amisiri ndi wakuti chitsulo chimachoka kutentha kusanafalikire m'mbali, choncho bowo limatuluka losalala, lopanda zosungunuka. Akatswiri a ku Hannover anasonyeza zimenezi momveka mu 1996, ndipo pofika 2013 Bosch, Trumpf ndi yunivesite ya Jena anapatsidwa mphoto ya pulezidenti wa Germany chifukwa chobweretsa makinawa m'mafakitale.

Ubwino womwewo ndiwo unabala ngozi. Kuwala kukaunjikidwa pa kadontho mpaka kupitirira mawati pafupifupi 10,000,000,000,000 pa sikweya sentimita, pamwamba pa chitsulo pamasanduka plasma, kutanthauza mpweya wotentha kwambiri umene maelekitironi ake achoka pa maatomu. Maelekitironiwo amathamanga, ndipo akaimitsidwa mwadzidzidzi ndi maatomu a chitsulo amataya mphamvu yawo ngati X-ray, makamaka pa zitsulo zolemera monga tungsten. Gulu la pa yunivesite ya McMaster ku Canada linayeza cheza chimenechi mu 2001, koma makina a nthawi imeneyo ankang'anima pafupifupi ka 1,000 pa sekondi, ndipo chenjezolo silinamveke patali. Chimene chinasintha zinthu si ukali wokha ayi, koma kuchuluka kwa kung'anima, pakuti makina a m'mafakitale anafika pong'anima kambirimbiri, ka 100,000 ndi kupitirira pa sekondi, ndipo kacheza kochepa ka kung'anima kumodzi kanayamba kuunjikana.

Ulemu waukulu m'mbiri imeneyi uyenera kupita kwa amene anatenga zoyezera n'kuziika pambali pa makina wamba odulira. Mu 2018 Herbert Legall, Jörg Krüger ndi anzawo a ku bungwe la BAM ku Berlin anapeza kuti pogoba tungsten, khungu la munthu woima chapafupi popanda chotchinga lingalandire ma millisievert oposa 100 pa ola limodzi, pamene malire a khungu la wogwira ntchito za cheza ndi 500 pa chaka chathunthu. Millisievert ndi muyezo wa cheza chimene thupi lalandira. Ntchito yawo inali yovuta chifukwa cheza chimenechi n'chofooka polowa m'thupi ndiponso chimabwera modukizadukiza, mwakuti zoyezera zambiri za masiku onse zimasonyeza chiwerengero chochepa kuposa chenicheni. Kufookako sikuchotsa ngozi, chifukwa khungu ndi maso ndizo zimachilandira.

Germany inaika makinawa pansi pa malamulo a cheza kuyambira pa 31 Disembala 2018, ndipo muyezo wake ndi microsievert imodzi, yomwe ndi kagawo kakang'ono ka millisievert, pa ola pa mtunda wa masentimita 10 kuchokera kunja kwa makina. Chotchinga cha chitsulo chimathandiza kwambiri kuposa cha aluminiyamu, ndipo magalasi otetezera maso ku laser sanapangidwire kutsekereza X-ray. Ku Malawi lamulo la 2011 linakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority loyang'anira za cheza. Makina a laser olembera zikwangwani ndi kudula matabwa satulutsa X-ray, koma tsiku limene yunivesite kapena fakitale idzaitanitse makina ong'anima mu femtosecond, adzalowa m'dziko ngati chida chodulira, ndipo padzafunika kuti ayezedwe asanayambe ntchito.