Siteshoni ya M'mwamba ku Centurion

Siteshoni ya sitima ya Gautrain ya ku Centurion inakhazikidwa pamwamba pa mlatho wautali wa konkire umene umadutsa m'kati mwa tauni. Ukaima papulatifomu, madenga a masitolo ndi magalimoto umawaonera pansi. Mizati ya mlathowo sinali yophweka kuzika, chifukwa nthaka ya kuno ili ndi mwala wa dolomite umene umadyeka ndi madzi, ndipo nthawi zina pansi pamangotitimira n'kusiya dzenje.

Tauniyi yasintha dzina kawiri. Poyamba inali Lyttelton. Mu 1967 boma la tsankho linaitcha Verwoerdburg polemekeza Hendrik Verwoerd, nduna yaikulu imene inaphedwa mu 1966. Dzina la Centurion linabwera mu 1995. Zaka zonsezo inali tauni ya azungu okhala ndi magalimoto awo, pamene owaphikira ndi owalimira m'mabwalo ankalawirira m'bandakucha kuchokera ku Tembisa, Atteridgeville ndi Mamelodi.

Mbhazima Shilowa, yemwe ankatsogolera chigawo cha Gauteng, analengeza za sitima ya Gautrain mu 2000, ndipo anthu anayamba kuitcha Shilowa Express. Ntchito inayamba mu 2006. Mbali yochokera pabwalo la ndege la OR Tambo kukafika ku Sandton inatsegulidwa mu June 2010, kutatsala masiku ochepa kuti World Cup iyambe. Ife a ku Centurion tinadikira mpaka August 2011.

Sitimayi ndimaikonda, sindibisa. Imathamanga mpaka makilomita 160 pa ola, imasunga nthawi, ndipo amene anakhalapo mumdipiti wa magalimoto pamsewu wa Ben Schoeman amadziwa chimene inatipulumutsako. Kumpoto imakufikitsa ku Pretoria ndi Hatfield. Kumwera imadzera ku Midrand, Marlboro, Sandton ndi Rosebank mpaka ku Park Station, kumene ambiri a ife ochokera ku Malawi tinatsikira basi tsiku loyamba, zikwama zili pamutu. Ukatsika masitepe pasiteshoni ya ku Centurion umapeza mabasi a Gautrain akudikira, ndipo khadi lomwe walipirira sitima ndi lomwelo ulipirire basi.

Koma chimandiwawa ndi ichi. Njanji ya Gautrain ndi yotambalala mamilimita 1,435, pamene ya Metrorail, sitima ya anthu wamba, ndi ya 1,067, yofanana ndi yathu ya ku Limbe ndi Nkaya. Ziwirizi sizingalowane. Munthu angasinthe sitima ku Pretoria, ku Rhodesfield kapena ku Park, koma Gautrain payokha siilowa ku Soweto, ku Tembisa kapena ku Mamelodi, ndipo mtengo wake wantchito wa m'nyumba sangaukwanitse tsiku ndi tsiku. Amayi amene amasesa maofesi oyandikana ndi siteshoniyi ambiri amabwerabe pa minibasi, monga ankachitira amayi awo m'masiku a Verwoerdburg. Njanji ina ikadzayalidwa, iyambire kumene antchitowa amagona.