Kuombeza ula ndi malipiro ake

Kuombeza ula ndi kufufuza chobisika: chomwe chadwalitsa munthu, komwe kwapita katundu wosowa, kapena gwero la tsoka losatha pabanja. M'boma la Mecanhelas, m'chigawo cha Niassa, ntchitoyi imagwiridwa ndi asing'anga. Azungu nawo ali ndi ula wawo wa makadi 78 otchedwa tarot, omwe anayamba ngati masewera ku Italy m'zaka za m'ma 1400.

Pamwambo, malipiro a sing'anga amakhala pawiri. Choyamba ndi chipondamthengo, kandalama kotula asanapite kukakumba mankhwala. Malipiro enieni, omwe kale ankakhala nkhuku kapena mbuzi, amaperekedwa wodwala akachira. Wofuna ndalama zonse ntchito isanaoneke wasiya mwambowu.

Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, boma la Frelimo linkadzudzula ula kuti ndi zamumdima. Zinthu zinasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pomwe kunabadwa bungwe la asing'anga la AMETRAMO, lomwe limapereka makadi kwa mamembala ake. Mu 2004 boma linavomereza ndondomeko ya mankhwala achikuda.

Choopsa chachikulu pa ula wolipira ndi kutchula munthu kuti ndi mfiti, chifukwa olozedwa chala kawirikawiri amakhala okalamba. Tsidya lina la malire, ku Malawi, lamulo la 1911 limaletsa zimenezi. Komanso malungo sadikira ula: mwana akatentha thupi, ayambe wapita kuchipatala.