Kuika ndi kuchotsa mapulogalamu a seva popanda munthu woyang'anira

Iyi ndi njira yoikira kapena kuchotsera pulogalamu pa seva munthu osakhala pampando kuyankha mafunso a kompyuta. Katswiri amalemberatu mayankho onse m'fayilo imodzi: chinenero, dzina la makina, kagawidwe ka disiki, mapulogalamu ofunika. Ku Debian njirayi imatchedwa preseed, ku Red Hat ndi Kickstart, ndipo Ubuntu idayamba autoinstall mu 2020. Pa Windows, lamulo la msiexec likaphatikizidwa ndi /qn limagwira ntchito mwakachetechete, pomwe /x ndiye lochotsera.

Phindu lake limaoneka bwino m'malo ngati Mwanza, pafupifupi makilomita 100 kuchokera ku Blantyre, pa msewu wa M6 wopita ku Zobue ndi Tete. Pachipata cha m'malire cha kumeneko bungwe lotolera misonkho la MRA limalemba katundu ndi ASYCUDA World, pulogalamu ya UNCTAD. Makina akaima, mathiraki amangondandalika mumsewu. Kompyuta yoti ikhoza kukonzedwanso ndi fayilo ya pa fulashi siyidikira katswiri wochokera kutauni.

Kuchotsa ndiye kumafuna maso. Pa Ubuntu, apt remove imasiya mafayilo a makonzedwe, pomwe apt purge imasesa ndi iwo omwe, ndipo chizindikiro cha -y chimavomera mafunso ambiri osakufunsani kawiri. Magetsi akazima ntchito ili mkati, pulogalamu imatsala yoikidwa theka. Choncho musanayambe, sungani kaye deta kwina ndipo batire la UPS likhale lodzaza.