Kuchira pambuyo pa opaleshoni ya nyung'unyu

Kuchira pambuyo pa opaleshoni ya nyung'unyu ndi nthawi imene wodwala amayambiranso kuyenda ndi kugwira ntchito atachitidwa opaleshoni pomwe fupa la ntchafu limalumikizana ndi chiuno. Madokotala amatha kulumikiza fupa lothyoka ndi zitsulo, kapena kuchotsa mutu wa fupalo n'kuikapo wopanga. Njira yachiwiriyi inatchuka ndi dokotala wa ku England, John Charnley, m'zaka za m'ma 1960.

Ku Malawi

Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chomwe chinatsegulidwa mu 2002, ndi chimodzi mwa zipatala zoyamba kuika nyung'unyu zopanga kawirikawiri m'dziko muno. Kumayiko a azungu ambiri ochitidwa opaleshoniyi ndi okalamba a nyamakazi, koma kaundula wa ku Malawi anaonetsa kuti ambiri anabwera chifukwa cha kufa kwa mutu wa fupa magazi akasiya kufikako. Vutoli limagwiranso anthu osakalamba, kuphatikizapo ena amene ali ndi HIV.

Anthu a ku Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma amayambira ku zipatala za kwawo kapena ku St Gabriel's ku Namitete, chomwe masisitere a Carmelite ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959. Ofunika opaleshoni yaikulu amatumizidwa ku Kamuzu Central, komwe mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Ena othyoka amachirabe pokokedwa mwendo ndi cholemera, ndipo amagona pabedi milungu 6 kapena kuposerapo.

Masiku oyamba

Wodwala amadzutsidwa tsiku loyamba kapena lachiwiri kuti aime ndi ndodo. Achibale ena amaona ngati ndi nkhanza, koma kugona nthawi yaitali kumabweretsa zilonda zapamsana, chibayo ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo. Ulusi umachotsedwa pakatha masiku 10 mpaka 14. Ambiri amayenda ndi ndodo kwa milungu 4 mpaka 6, ndipo mphamvu zonse zimatha kubwerera pakatha chaka.

Kubwerera kumudzi

Amene aikidwa nyung'unyu yopanga nthawi zambiri amauzidwa kuti kwa milungu 6 mpaka 12 asapinde mwendo mpaka bondo kukwera kuposa chiuno, asapingasitse miyendo, ndiponso asapotozere phazi m'kati, chifukwa mutu wa fupa ukhoza kuguluka. Malangizowa ndi osavuta kwa munthu wokhala ndi bedi, mpando ndi chimbudzi chokhalira. Kumudzi pafupifupi chilichonse chimachitikira pansi: kugona pamphasa, kuphika pamafuwa, kutsuka mbale, kunjuta m'chimbudzi chokumba. Ngakhale ulemu umafuna kugwada kapena kunjuta popereka moni kwa akulu, ndipo wodwala ayenera kukhululukidwa pa zimenezi.

N'chifukwa chake banja liyenera kukonzeka wodwala asanatuluke. Kalipentala akhoza kukhoma mpando wautali woboola pakati woika pa dzenje la chimbudzi, ndi kuimika mtengo wogwirira pambali pake. Bedi lalifupi limakwezedwa ndi njerwa, ndipo pogona chammbali wodwala amaika pilo pakati pa miyendo. Posamba akhale pampando, chifukwa pabafa pamaterera.

Khasu, kusenza ndowa kuchokera kumjigo ndi kukwera kabaza zimadikira chilolezo cha dokotala. Opaleshoni ikachitika chakumapeto kwa chaka, mlimi amaphonya kupanga mizere ndi kudzala, ndipo apa m'pamene ambiri amathamangira kumunda asanachire. Mafizo amene aphunzitsidwa kuchipatala amachitidwa tsiku lililonse, limodzi ndi kuyenda pang'onopang'ono pabwalo losalala.

Zizindikiro zoopsa

Wodwala abwerere kuchipatala msanga ngati bala likutuluka mafinya, thupi latentha, katumba watupa ndi kuwawa, akubanika, kapena mwendo wafupika ndi kupotoka mwadzidzidzi. Mwendo woterewu usakokedwe kunyumba, ndipo pabala pasapakidwe mankhwala azitsamba.