MAFCO FC: timu ya kwathu ili ndi osewera otani, nanga ikulowera kuti?

Funsani achinyamata pa Kamuzu Road kapena ku Senga Bay kuti amachemerera timu iti. Ambiri akuuzani Maule, Manoma kapena Silver. Koma Salima ili ndi timu yakeyake yomwe yakhala zaka zambiri mu ligi yaikulu ya dziko lino, ndipo timuyo ndi MAFCO FC. Ndi timu yomwe chaka china imafika mu fainolo ya chikho, chaka china masapota ake n'kumagona akuwerengera mapointi kuopa kutuluka mu ligi. Nkhaniyi ikufotokoza komwe timuyi idachokera, mmene imapezera osewera, pomwe ili ndi mphamvu, pomwe imafooka, ndi zomwe zingasinthe tsogolo lake.

MAFCO ndi ndani?

Dzinali ndi chidule cha Malawi Armed Forces College, sukulu yophunzitsa asilikali yomwe ili konkuno ku Salima. Akuluakulu amaikumbukira ndi dzina lakale la Kamuzu Military College. Timu ya mpirayi ndi ya Malawi Defence Force, chimodzimodzi Kamuzu Barracks ya ku Lilongwe, Moyale Barracks ya ku Mzuzu ndi Red Lions ya ku Zomba. Salima idakhalaponso ndi timu ina ya asilikali mu Super League, Airborne Rangers, koma iyo sidakhalitsemo.

Super League imayendetsedwa ndi bungwe la SULOM pansi pa FAM. Muli matimu 16, timu iliyonse imasewera masewero 30 pa sizoni, ndipo matimu atatu a kumunsi amatuluka. Kupambana ndi mapointi atatu, kulepherana ndi pointi imodzi. Masamu amenewa muwasunge, tiwafuna kutsogoloku.

Zaka zofunika kuzidziwa

Mu 2013 MAFCO idatenga chikho cha Presidential Cup itagonjetsa Silver Strikers mu fainolo. Mpaka lero ndi tsiku lomwe masapota akale amanyadira nalo.

Mu 2018 zinthu zidavuta. MAFCO idatuluka mu Super League limodzi ndi Red Lions ndi Nchalo United.

Mu 2019 idasewera mu ligi ya m'chigawo chapakati ndipo idabwerera pompopompo. Idakwera pamodzi ndi Red Lions ndi Ekwendeni Hammers, koma sizoni yotsatirayo idachedwa kuyamba mpaka kumapeto kwa 2020 chifukwa cha Covid-19.

Mu sizoni ya 2023 idafika mu mafainolo awiri, ya FDH Bank Cup ndi ya Airtel Top 8. Konse idakumana ndi FCB Nyasa Big Bullets ya Kalisto Pasuwa, yomwe chaka chimenecho idasesa zikho zonse zinayi. MAFCO idagonja 3-0 mu FDH Bank Cup ndi 1-0 mu Airtel Top 8.

Chikho cha ligi MAFCO sidatengepo. Timu ya asilikali yoyamba kutenga ligi ndi Kamuzu Barracks, mu 2016.

Onani bwino mafainolo awiri aja: mphindi 180, chigoli ngakhale chimodzi ayi. Mbiri ya timuyi mwachidule ndi imeneyo. Imadziwa kulimbana mpaka kufika patali, koma pofunika kumaliza ntchito mpamene pamaterera.

Osewera amabwera bwanji?

Apa ndiye pali nkhani yonse. Bullets ili m'manja mwa kampani ya Nyasa Manufacturing, Silver ili ndi Reserve Bank kumbuyo kwake, Wanderers ili ndi anthu a bizinesi. Matimu amenewa akaona mnyamata wabwino, amatulutsa ndalama n'kumugula. MAFCO siyendera njira imeneyo. Osewera wamba amapezekamo, koma msana wa timuyi ndi asilikali. Chomwe imakopera mnyamata si ndalama zosainira ayi, koma ntchito.

Ndipo tisanamizane, ntchito si chinthu chaching'ono. M'matimu ambiri ang'onoang'ono wosewera amatha miyezi osalandira, akavulala bondo amaiwalika. Msilikali amalandira mwezi ndi mwezi, kaya timu yapambana kaya yagonja, ndipo mpira ukatha ntchito imapitirira. N'chifukwa chake osewera a matimu a asilikali amakhala limodzi zaka zambiri, amadziwana, ndipo simumva kawirikawiri zoti anyanyala zokonzekera chifukwa cha malipiro.

Koma ndalama iliyonse ili ndi mbali ziwiri. Choyamba, khomo lolowera ndi lopapatiza. Mnyamata waluso ayenera kukwaniritsa zofunika pa usilikali, ndipo kulemba ntchito asilikali sikuyendera kalendala ya mpira. Timu itha kusowa womwetsa zigoli mu June, koma njira yomupezera n'kudzatseguka sizoni itatha. Chachiwiri, khomo lotulukira nalonso ndi lolemera. Wosewera wa kontrakiti akatopa amangomutsanzika, koma msilikali ndi wantchito wa boma, ndiye timu imatha kukula msinkhu yonse pamodzi. Chachitatu, msilikali ndi msilikali kaye. Pali maphunziro a usilikali, pali kusamutsidwa, palinso ntchito zosungitsa mtendere monga zomwe asilikali athu akhala akugwira ku DRC. Lamulo likabwera, mpira umadikira.

Palinso osewera omwe maloto awo ndi akulu kuposa bariki. Khuda Muyaba adachoka ku Moyale Barracks kupita ku Silver Strikers, adamwetsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi ya 2019, kenako adapita ku Polokwane City ku South Africa. Mnyamata aliyense wa liwiro ndi diso la golo amaiona njira imeneyo. Funso lake limakhala loti: ndisankhe ntchito yokhazikika, kapena ndiyese mwayi wa kunja? Omwetsa zigoli enieni ambiri amasankha kuyesa mwayi.

Timuyi malo ndi malo

Pagolo. Apa MAFCO yakhala ndi anthu odalirika. Mayina monga Jailosi Kapalamula ndi Christopher Mikuwa akhala akumveka pa wailesi m'zaka zosiyanasiyana. Goloboyi amachedwa kukalamba poyerekeza ndi osewera ena, ndiye dongosolo losunga munthu nthawi yaitali limathandiza kwambiri pamalo amenewa.

Kumbuyo. Mphamvu yeniyeni ya timuyi ili apa. Otchinga kumbuyo a MAFCO amadziwika ndi thupi, kulimba mtima ndi mipira ya m'mwamba. Paul Ndlovu ndi dzina lomwe otsatira timuyi amalidziwa bwino. Anthu anayi omwe asewera limodzi masizoni angapo safunika kukuwirana, aliyense amadziwa pomwe mnzake waima. Vuto limabwera akakumana ndi anyamata othamanga a m'mapiko, kapenanso khadi lofiira likatuluka. Mpira wa mphamvu umayenda ndi makadi, ndipo wina akaletsedwa kusewera mpamene timaona ngati pabenchi pali munthu.

Pakati. Ogwira ntchito ndi ambiri: olanda mpira, othamanga mphindi zonse 90, osatopa. Amene amasowa kawirikawiri ndi uja woika phazi pa mpira, kudzutsa mutu n'kupereka pasi yong'amba otchinga. Popanda munthu wotere, timu ikapanikizika imayamba kumenya mipira yaitali kutsogolo, kenako mpira umabwerera mwachangu ngati waponyedwa pakhoma.

Kutsogolo. Masapota akale amakumbukira Calisto Kalinda, a posachedwapa amatchula Peter Kasonga ndi Zikani Sichinga. Anthu omwetsa akhalapo, koma kawirikawiri katundu yense amasenza munthu mmodzi kapena awiri. Mmodziyo akavulala kapena akaitanidwa ku ntchito, zigoli zimauma. Tsopano tibwerere ku masamu aja. Timu yolepherana masewero atatu otsatizana imapeza mapointi atatu. Timu yopambana kamodzi n'kugonja kawiri imapezanso atatu omwewo. Ndiye kulimba kumbuyo kokha sikukweza timu pa tebulo. Zigoli za 0-0 ndi 1-1 zimaoneka zaulemu Lamlungu madzulo, koma zikachuluka mudzazindikira mu November kuti muli pafupi ndi chigwa.

N'chifukwa chakenso timuyi imaoneka yoopsa m'zikho kuposa mu ligi. Mu chikho mutha kutseka golo, kulepherana, n'kudutsa pa mapenate. Mu ligi mulibe mapenate opulumutsa munthu.

Pabenchi ndi achisodzera. Muyeso weniweni wa timu si anthu 11 oyamba, koma wa nambala 12 mpaka 18. Mukamaonera MAFCO, yang'anani omwe akulowa chigawo chachiwiri. Ngati ali nkhope zomwezo za zaka zisanu zapitazo, dziwani kuti mpopi wobweretsa magazi atsopano watsekeka. Ngati mukuona anyamata a zaka 19 kapena 20 akupatsidwa mphindi, ndiye kuti wina akuganizira za mawa.

Timu ya Salima yosewera kutali ndi Salima

Kwa zaka zambiri masewero a pakhomo a MAFCO akhala akuchitikira pa bwalo la Chitowe ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota. Kuchoka pa Salima ndi mtunda wopitirira makilomita 150 pa msewu wa M5. Ku Lilongwe n'kufupi kuposa kumeneko. Taganizani, aise: mnyamata wa kabaza wa ku Kaphatenga kapena msodzi wa ku Lifuwu alipire basi yopita ndi yobwerera, chakudya cha panjira ndi chapakhomo pa bwalo, zonsezo chifukwa cha mphindi 90. Ndi angati angakwanitse?

Zotsatira zake n'zoonekeratu. Mwana amakonda timu yomwe amaiona ndi maso. Ngati saiona, amakonda yomwe amaimva pa wailesi kapena kuiona pa Facebook, ndipo kumeneko kwadzaza Maule ndi Manoma. Timu yopanda khamu la kwawo imasowa ndalama za pakhomo, imasowa ogula yunifomu, imasowanso makampani ofuna kuika dzina pa chifuwa chake. Bwalo la Chitowe lili ndi ubwino wake: kutentha kwa m'mbali mwa nyanja mu October kumafooketsa matimu ochokera kozizira monga ku Mzuzu ndi ku Dedza. Koma dzuwa limenelo ku Salima kulinso. Chosowa ndi bwalo lomwe FAM ingalivomereze pa masewero a Super League, ndipo imeneyo si nkhani ya asilikali okha. Ndi ya khonsolo, aphungu ndi a bizinesi a m'boma lino.

Luso lilipo

Wina asakunamizeni kuti Salima ilibe osewera. Pitani ku mabonanza a ku Chipoka, Khombedza, Thavite kapena Ngodzi mukaone anyamata akuchita zodabwitsa pa mabwalo a fumbi. Mpira wa pamchenga ndi umboni wina: timu ya dziko lino idafika ku mpikisano wa mu Africa mu 2022 ku Mozambique ndi mu 2024 ku Egypt, ndipo mchenga wa ku Senga Bay ndi umodzi mwa malo omwe masewerowa amachitikira. Chomwe chikusowa ndi mlatho pakati pa mnyamata wa bonanza ndi timu ya Super League yomwe ili m'boma lake lomwe.

Phunziro lochokera kwa anzawo

Dzina ndi yunifomu siziteteza timu. Blue Eagles, timu ya apolisi, idamaliza pa nambala 2 mu 2022. Chaka chotsatira, mu 2023, idatuluka mu ligi limodzi ndi Red Lions ndi Extreme FC. Koma mu 2024, ikusewera ligi ya pansi, Blue Eagles yomweyo idatenga FDH Bank Cup itagonjetsa Bullets pa mapenate, n'kubwereranso mu Super League. Matimu a boma amagwa ngati wina aliyense, kungoti amadzuka msanga chifukwa malipiro sayima ndipo osewera sabalalika. Umu ndi mmenenso MAFCO idabwererera mu 2019.

Koma musadalire kwambiri zimenezo. Kuyambira 2025 pali National Division League, ligi yachiwiri ya dziko lonse yomwe imathandizidwa ndi NBS Bank. Timu yotuluka mu Super League masiku ano siyokangosewera ndi matimu a m'chigawo chake ayi, ikukakumana ndi ena a dziko lonse omwe nawonso ali ndi njala yobwerera.

Tsogolo: zinthu zinayi zoyang'ana

Choyamba, zigoli. Werengani kuti ndi osewera angati omwe amwetsa pa sizoni. Timu yomwe zigoli zake zikuchokera kwa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ili pabwino kuposa yodalira phazi limodzi.

Chachiwiri, msinkhu. Sizoni iliyonse payenera kuoneka anyamata awiri kapena atatu atsopano omwe akuseweradi, osati ongotenthetsa benchi.

Chachitatu, kukhazikika kwa aphunzitsi. Mphunzitsi amafunika nthawi yokwanira kuti asinthe kaseweredwe, makamaka ngati akufuna kuchoka ku mipira yaitali kupita ku mpira wapansi.

Chachinayi, bwalo. Tsiku lomwe MAFCO idzayambe kusewera sabata ndi sabata pamaso pa anthu a ku Salima, nkhani ya masapota, ya ndalama ndi ya kupeza luso idzasintha nthawi imodzi.

Kunena mosapsatira, MAFCO ili ndi maziko omwe matimu ambiri amasirira: malipiro odalirika, mwambo ndi osewera olimba. Zimenezi n'zokwanira kuisunga pakati pa tebulo ndi kuifikitsa patali m'zikho chaka chabwino. Sizokwanira kuti ipikisane ndi Bullets, Silver ndi Wanderers pa masewero 30, ndipo chaka chomwe zigoli zauma, sizokwaniranso kuitchinga ku zomwe zidachitika mu 2018. Ikapeza njira yobweretsera anyamata aluso mwachangu ndi malo osewerera kunyumba, zomwe Kamuzu Barracks idachita mu 2016 si maloto. Ikapanda kutero, tizingowerengera mapointi chaka ndi chaka.

Inu mukuona bwanji? Pa bonanza ya kwanuko pali mnyamata yemwe mukuti angavale yunifomu ya MAFCO lero? Nanga bwalo litakhala pompano pa Salima, mungasiye kanema wa Arsenal Loweruka masana kuti mukaonere asilikali a kwathu?